Nyimbo kapena kanema zikakana kutseguka pa kompyuta ya Windows

Pafupifupi kompyuta iliyonse yoyendera Windows imabwera ndi pulogalamu yakeyake yomverera nyimbo ndi kuonera makanema. Munthu sachita kuigula kapena kuiika, ndipo ambiri sadziwa ngakhale dzina lake kufikira tsiku limene kanema wa ukwati kapena wa chinkhoswe wakana kutseguka alendo atakhala kale pamipando. Pamenepo mlandu wonse umagwera pulogalamuyo. Ena amafika ponyamula kompyuta kupita nayo kwa amisiri kuti akaifomate, n'kutaya zithunzi ndi makalata a zaka zambiri chifukwa cha vuto limene likadatha m'mphindi zochepa. Komatu kawirikawiri pulogalamuyo imakhala yosalakwa. Vuto limakonda kukhala mu fayilo yeniyeniyo, m'kapulogalamu kamene kamamasulira fayiloyo, kapena m'njira imene mawu amadutsa popita ku sipika, ndipo pofufuza ndi bwino kutsata ndondomeko yomweyo, pulogalamu yoimbira nyimboyo n'kukhala yomalizira kuikayikira.

Dzina limodzi, mapulogalamu awiri

Chisokonezo choyamba chili pa dzina. Kampani ya Microsoft inayamba kuika pulogalamu yotchedwa Media Player mu Windows m'chaka cha 1991, ndipo patapita zaka inadziwika ndi dzina lakuti Windows Media Player. Mtundu wake womaliza, wa nambala 12, unatuluka mu 2009 pamodzi ndi Windows 7, ndipo sunasinthe kwenikweni kuchokera nthawi imeneyo. Ndi umene ambiri amaudziwa: mndandanda wa nyimbo pakati, mawu akuti Play, Burn ndi Sync kumanja.

Mu 2022 Microsoft inatulutsa pulogalamu ina yatsopano ya Windows 11, yotchedwa Media Player basi, imene inalowa m'malo mwa Groove Music. Chaka chotsatira inafikanso pa Windows 10. Yakale ija siinachotsedwe. Inangopatsidwa dzina lakuti Windows Media Player Legacy. Pa makompyuta ambiri a Windows 10 palinso yachitatu yoonetsera makanema, yotchedwa Films & TV kapena Movies & TV malinga ndi dziko limene kompyutayo inakonzedwera. Choncho mnzanu akamakuuzani pa foni kuti mudine pa Tools inu n'kumalephera kupaona, mwina nonse mukunena zoona, kungoti mukuyang'ana mapulogalamu osiyana. Kuti mudziwe imene muli nayo, dinani batani la Start n'kulemba mawu akuti media player. Zonse zimene zilimo zioneka.

Pali makompyuta ena amene alibiretu pulogalamuyi. Mu 2004 bungwe la European Commission linalipiritsa Microsoft chindapusa cha mayuro 497 miliyoni, n'kuilamula kuti izigulitsanso Windows yopanda Media Player pofuna kupereka mpata kwa makampani ena. Mitundu imeneyi ili ndi chilembo cha N kumapeto kwa dzina, monga Windows 10 Pro N. Popeza malaputopu ambiri ogulitsidwa kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo ena amaikidwa Windows kuchokera pa fulashi ya mmisiri, si zachilendo kukumana ndi mtundu umenewu. Onani pa Settings, System, kenako About. Ngati pali N, chofunika ndi Media Feature Pack, imene imapezeka mwaulere pa Optional features mu Settings momwemo.

Yambani ndi fayilo

Musanasinthe chilichonse, yesani zinthu ziwiri. Tsegulani nyimbo kapena kanema wina amene mukudziwa kuti dzulo ankatseguka. Kenako tengani fayilo yovutayo mukaiyese pa foni kapena pa kompyuta ina. Ngati mafayilo ena akutseguka bwinobwino, pulogalamu ilibe mlandu. Ngati fayiloyo ikukananso kwina konse, ndiye kuti yawonongeka, ndipo palibe chimene mungakonze pa kompyuta yanu kuti ichire.

Mafayilo amawonongeka m'njira zodziwika. Ina ndi dawunilodi yodukira panjira bando itatha kapena netiweki itasowa: dzina la fayilo limaoneka lathunthu koma zam'kati n'zoperewera. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, muone kukula kwake. Kanema wa ola lathunthu sangakhale wa makilobaiti 300. Njira ina ndi kuzula fulashi kukopera kusanathe, kapena kuzima kwa magetsi pa kompyuta yopanda batire. Yopweteka kwambiri ndi ya kanema wojambulidwa pa foni kapena kamera imene batire yake inatha kujambula kuli m'kati. Fayilo ya MP4 ili ndi kalozera amene amauza pulogalamu pamene chithunzi chilichonse ndi mawu ake zili, ndipo makamera ambiri amalemba kalozerayu pamapeto penipeni, munthu akadina batani loimitsa. Batire ikatha nthawiyo isanakwane, zithunzi zimakhalamo ndithu koma popanda chozilozera. Alipo mapulogalamu amene amayesa kumanganso kalozerayu potengera kanema wina wabwino wojambulidwa ndi kamera yomweyo. Nthawi zina zimatheka, nthawi zina ayi, koma fayilo yotere musaifufute, ndipo poyesa kuikonza gwiritsani ntchito kope lake.

Mafulashi ndi mamemori khadi ali ndi mavuto awoawo. Ambiri amabwera atakonzedwa mwa dongosolo lotchedwa FAT32, limene sililola fayilo imodzi kupitirira magigabaiti 4. Kanema wautali amakanidwa ngakhale malo alipo ambiri. Kuifomata fulashiyo kukhala exFAT kumathetsa vutoli, koma kumafufuta zonse zimene zilimo, komanso mawailesi ena a m'galimoto ndi ma TV akale amangowerenga FAT32. Palinso mafulashi achinyengo, olembedwa magigabaiti 64 pamene m'kati muli malo ochepa kwambiri. Chizindikiro chake n'chakuti mafayilo oyamba kukopera amatseguka, koma otsatira onse amangokhala maina opanda kanthu.

Chenjezo lina likhudza fulashi imene yazungulira m'malo oikitsa nyimbo ndi m'makompyuta a anthu ambiri. Mukaona kuti mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona, musadine. Imeneyo ndi vairasi imene imabisa mafoda enieni n'kuika zolozera zabodza m'malo mwake. Yambani mwaisanthula fulashiyo ndi Windows Security. Ndi bwinonso kuuza File Explorer kuti izionetsa mathero a maina a mafayilo, pa View, kenako File name extensions. Nyimbo imene dzina lake likuthera ndi .exe kapena .vbs si nyimbo.

Envulopu ndi chilankhulo cha kalata

Fayilo ikamatseguka kwina koma n'kumakana pa kompyuta yanu, vuto limakhala pafupifupi nthawi zonse la chimene akatswiri amachitcha codec. Apa m'pofunika kufatsa, pakuti m'pamene ambiri amasokera.

Zilembo za kumapeto kwa dzina, monga .mp4, .mkv, .avi kapena .mov, zimangonena mtundu wa envulopu. M'kati mwa envulopuyo muli makalata awiri, ya zithunzi ndi ya mawu, ndipo iliyonse inalembedwa m'chilankhulo chake. Munthu angathe kung'amba envulopu bwinobwino n'kupeza kuti kalatayo ili m'Chiyao chimene iye sachidziwa. Codec ndiye womasulira. Kanema wosapanikizidwa amadya malo ochuluka kwambiri, choncho pojambula amapanikizidwa mwa njira inayake, ndipo poonetsa pamafunika womasulira wodziwa njira yomweyo. N'chifukwa chake mafayilo awiri onse othera ndi .mp4 angathe kuchita zosiyana, ina kutseguka, ina kukana. N'chifukwa chakenso kusintha dzina la fayilo kuchoka pa .mkv kukhala .mp4 sikuthandiza kanthu. Mwangolemba adiresi ina pa envulopu yomweyo.

Windows imabwera ndi omasulira a zilankhulo zofala: MP3, AAC ndi WMA ku mbali ya mawu, H.264 ku mbali ya zithunzi. Kuyambira pa Windows 10 inayambanso kutsegula mafayilo a MKV ndi nyimbo za FLAC popanda kuonjezera kanthu. Chimene chimavutitsa anthu ambiri masiku ano ndi HEVC, yotchedwanso H.265, njira imene imachepetsa kwambiri kukula kwa kanema poyerekeza ndi H.264. Mafoni a iPhone akhala akujambula mwa njirayi kuyambira mu 2017, ndipo mafoni ambiri a Android nawonso ali nayo. Koma HEVC ili ndi eni ake amene amalipiritsa makampani oigwiritsa ntchito, choncho si kompyuta iliyonse imene imabwera nayo. Zikatero mawu amamveka koma sikirini ili bii, kapena pamabwera uthenga wokhala ndi nambala yakuti 0xc00d5212. Womasulira wake, HEVC Video Extensions, amagulitsidwa mu Microsoft Store pa mtengo wa masenti 99 a ku America. Ndalamayo ndi yochepa, koma kwa munthu wopanda khadi yolipirira pa intaneti ndi khoma ndithu. Ena ofanana naye, monga AV1 Video Extension, VP9 Video Extensions, MPEG-2 Video Extension ndi Web Media Extensions, ndi aulere mu Store momwemo.

Zimachitikanso mosemphana: chithunzi chikuyenda bwino koma mawu kulibe. Mafilimu ambiri ali ndi mawu a mtundu wa DTS kapena AC-3, umene umadziwikanso kuti Dolby Digital. Windows siimasulira DTS payokha, ndipo kuyambira pa Windows 11 ya mtundu wa 24H2, Microsoft inasiya kuikamo AC-3 pa makompyuta oikidwa Windows mwatsopano. Filimu imene inkamveka bwino kompyuta isanafomatidwe ingathe kukhala chete pambuyo pake, sipika zili bwinobwino.

Nambala ina yofala ndi 0xc00d36c4. Iyi siiloza chinthu chimodzi: ingatanthauze kuti mtundu wa fayilo sukudziwika, kapena dzina lake lili ndi mathero olakwika, kapena fayiloyo ndi yowonongeka. Mukaiona, bwererani ku kuyesa koyamba kuja.

Njira yachidule yothetsera nkhani zonse za codec ndi kuika pulogalamu ina imene imayenda ndi omasulira akeake. Yodziwika kwambiri ndi VLC, imene inayamba ngati ntchito ya ophunzira a pa sukulu ya École Centrale Paris ku France, ndipo yakhala yaulere kwa aliyense kuyambira mu 2001. Imatsegula HEVC, DTS, AC-3 komanso mauthenga a mawu a pa WhatsApp, amene maina awo amathera ndi .opus kapena .ogg. Itengeni pa tsamba la eni ake la videolan.org kapena mu Microsoft Store. Ikatsegula kanema, kudina Ctrl ndi J pamodzi kumaonetsa maina a ma codec amene ali m'fayiloyo, zimene zimathetsa kungoganizira. Chimene simuyenera kuchita ndi kumvera tsamba la pa intaneti limene likukuuzani kuti muike codec yapadera kuti muone kanema. Msampha umenewu ndi wakale: vairasi yotchedwa Zlob inafala kuyambira mu 2005 podzionetsa ngati codec, ndipo achinyengo sanausiye mpaka lero.

Ngati kanemayo mukufuna kupatsa achibale ambiri amene makompyuta ndi ma TV awo simukuwadziwa, ndi bwino kumusintha kamodzi kukhala MP4 ya H.264 ndi mawu a AAC, imene imatseguka pafupifupi paliponse. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imachita zimenezi. Sungani fayilo yoyambirira, pakuti kusintha kulikonse kumachepetsako ubwino wa chithunzi. Pa iPhone, kupita ku Settings, Camera, Formats n'kusankha Most Compatible kumachititsa kuti foni izijambula mwa H.264 kuyambira pachiyambi.

Mawu akasowa pa fayilo iliyonse

Ngati palibe fayilo ndi imodzi yomwe imene ikumveka, nkhani si ya codec ayi. Mawu akupita kwina. Windows imatumiza mawu ku chipangizo chimodzi pa nthawi, ndipo imakonda kusankha chimene chalumikizidwa posachedwa. Mukalumikiza purojekita kapena TV ndi chingwe cha HDMI, mawu amasamukira kumeneko, ngakhale purojekitayo ikhale yopanda sipika. Izi n'zimene zimachititsa manyazi anthu ambiri m'matchalitchi ndi m'misonkhano. Chingwe cha VGA, chija cha mutu wobiriwira ngati thambo ndi tizomangira tiwiri, sichinyamula mawu n'komwe. Sipika ziyenera kulumikizidwa padera. Mahedifoni a Bluetooth oiwalidwa m'chikwama ali oyaka nawonso amaba mawu mwakachetechete.

Dinani kachizindikiro ka sipika pafupi ndi wotchi, pansi kumanja, musankhe chipangizo choyenera. Kenako dinani kachizindikiro komweko ndi batani lakumanja n'kutsegula Volume mixer, pamene pulogalamu iliyonse ili ndi mulingo wake wa mawu. Media Player ingathe kukhala yotsekedwa pakamwa pamene zina zonse zikumveka. Ngati pa kasipikako pali kamtanda kofiira, kapena vuto layamba kompyuta itangofomatidwa, ndiye kuti pulogalamu yoyendetsa chipangizo cha mawu, imene amisiri amaitcha driver, ikusowa. Imapezeka kudzera pa Windows Update kapena pa tsamba la kampani imene inapanga kompyutayo, monga HP, Dell kapena Lenovo.

Kanema wodumphadumpha, kapena amene mawu akutsogola milomo ikutsalira, kawirikawiri amasonyeza kuti kompyuta yalemedwa. Makompyuta a Intel opangidwa chaka cha 2015 chisanafike ambiri alibe gawo lapadera lomasulira HEVC, choncho kanema wa 4K amawatopetsa. Koperani fayiloyo kuchoka pa fulashi kupita mu kompyuta, lumikizani chaja kuti laputopu isadzichepetsere mphamvu posunga batire, ndipo tsekani Chrome ndi mapulogalamu ena. Zikapanda kusintha, chepetsani kanemayo ndi HandBrake kufika pa 720p.

Pamene pulogalamu ilidi ndi vuto

Zimachitika ndithu, ngakhale si kawirikawiri. Zizindikiro zake ndi kukana kutseguka, kudzitseka yokha, kapena kuonetsa nyimbo zimene munafufuta kalekale n'kumabisa zimene mwangoika kumene.

Pa Media Player yatsopano, pitani ku Settings, Apps, pezani dzina lake pa mndandanda, tsegulani Advanced options. Pali mabatani awiri. Repair imakonza popanda kufufuta kanthu, choncho yambani ndi imeneyo. Reset imabwezera pulogalamu mmene inalili tsiku loyamba; nyimbo ndi makanema anu sizikhudzidwa, pakuti zili m'mafoda anu osati m'pulogalamumo.

Pa yakale, chimene chimawonongeka kawirikawiri ndi kaundula wake wa nyimbo. Dinani Ctrl ndi M kuti mzere wa File, View, Play ndi Tools uoneke pamwamba, kenako Tools, Advanced, Restore media library. Pulogalamu idzitseka, ndipo mukaitsegulanso iyamba kuwerenga mafoda mwatsopano. Nyimbo sizitayika, koma nyenyezi zimene munapereka ku nyimbo zina ndi chiwerengero cha maulendo amene mwazimvera zingathe kufufutika. Ngati pulogalamuyo siikutseguka n'komwe, dinani batani la Windows ndi R, lembani %LOCALAPPDATA%\Microsoft\Media Player, ndipo mu foda imene itseguke fufutani mafayilo othera ndi .wmdb. Zonsezi zikakanika, ichotseni n'kuibwezeretsa: lembani optionalfeatures pa Start, chotsani chizindikiro pa Windows Media Player pansi pa Media Features, zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso, kenako bwezerani chizindikirocho.

Nthawi zina dandaulo limangokhala lakuti fayilo ikutsegukira m'pulogalamu imene mwini sakuifuna. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja, Open with, Choose another app, sankhani imene mukufuna n'kuvomera kuti izigwiritsidwa ntchito nthawi zonse. Izi zimachitika pa mtundu uliwonse wa fayilo paokha, kusankhira.mp4 sikusintha .mkv.

Zimene imatha kuchita ikakhala bwino

Mapulogalamu onse awiri amasonkhanitsa nyimbo kuchokera mu foda ya Music ndi makanema kuchokera mu Videos. Ngati nyimbo zanu zili kwina, muyenera kuiuza: pa yatsopano pali batani la Add folder, pa yakale ndi Organize, Manage libraries. Siisanja nyimbo potengera dzina la fayilo koma potengera zimene zinalembedwa m'kati mwake, monga woimba ndi chimbale. N'chifukwa chake nyimbo za Lucius Banda kapena Ethel Kamwendo Banda zokopedwa kwa mnzanu zimatha kuunjikana pansi pa Unknown artist. Zimakonzeka pa Properties, kenako Details.

Pulogalamu yakale ili ndi luso limene ambiri saligwiritsa ntchito: kuchedwetsa mawu popanda kusintha kamvekedwe kake. Ctrl, Shift ndi S pamodzi zimachedwetsa, Ctrl, Shift ndi G zimafulumizitsa, Ctrl, Shift ndi N zimabwezera pa liwiro lake. Kwa wakwaya amene akuphunzira mawu a alto, wophunzira amene akumvetsera phunziro lojambulidwa, kapena mlembi amene akulemba zokambirana za pamsonkhano, izi n'zothandiza kwambiri. Ctrl ndi P imaimitsa ndi kupitiriza, F7 imatseka mawu, F8 ndi F9 zimachepetsa ndi kukweza. Yatsopano nayonso ili ndi Speed pa timadontho titatu ta pansi kumanja, ndipo imaposa yakale pa mawu olembedwa pansi pa filimu: ikani fayilo ya .srt mu foda imodzi ndi filimuyo, zonse zikhale ndi dzina lofanana.

Zimbale za DVD ndi nkhani ina. Windows 7 inkazionetsa, koma kuyambira pa Windows 8 Microsoft inachotsa lusoli pofuna kupewa kulipira eni ake a njirayo. DVD ya ukwati wa mu 2010 ikakana pa kompyuta yatsopano, chimbalecho chingakhale chili bwinobwino. VLC imachitsegula kudzera pa Media, Open Disc. Ndipo popeza zimbale zowotchedwa pa kompyuta zimafooka ndi zaka, kutentha ndi kukalika, ndi nzeru kukopera zam'katimo mu kompyuta zikadali zowerengeka.

Pa zimbale za nyimbo, yakale ija ikadali yodalirika. Ikani chimbale, pitani pa Rip settings, Format, musankhe MP3, pakuti ikasiyidwa yokha imasankha WMA imene mafoni ndi mawailesi ena saidziwa. Pa Audio Quality, mulingo wa 128 kbps umadya pafupifupi megabaiti imodzi pa mphindi, pamene wa 320 kbps umadya pafupifupi ziwiri ndi theka. 192 ndi wokwanira makutu a anthu ambiri. Kukopera nyimbo za ena n'cholinga chogulitsa popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za ufulu wa oimba m'dziko muno.

Powotcha chimbale, pa Burn pali zosankha ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Audio CD imatenga nyimbo za mphindi pafupifupi 80 zokha, koma imaimba pafupifupi mu wailesi iliyonse ya zimbale. Data CD imatenga mafayilo a mamegabaiti 700, kutanthauza nyimbo za MP3 zoposa 100, koma imaimba mu wailesi yokhayo imene yalembedwa MP3 pamaso pake. Chimbale chikamakanika panjira kapena kudumpha m'galimoto, pitani ku Tools, Options, Burn, mutsitse liwiro lowotchera kufika pa Medium kapena Slow, ndipo laputopu ikhale pa chaja mpaka chimbale chitatuluka chokha.